Chimasiki cha Amayi ndi Foni ya Masana

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kukupatsani moni, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana onse. Mwadzuka bwanji kumeneko? Msana uja wayamba kumva mankhwala, kapena mukadanyamulabe mainjini ngati mnyamata? Kamtsikana kanu kanaguluka mano kaja, ndikhulupirira amera ena. Ife kuno tilipo. Alamu anu ndi ana ali bwino, azakhali nawonso alipo kupatula mawondo awo aja. Odwala ndi amayi, monga mukudziwa.

Mudabwa kuti munthu amene amayankha foni yanu tsiku ndi tsiku wakulemberani kalata. Chifukwa chake n'chakuti pa foni inu mumangoti eya, eya, ine n'kupsa mtima, nkhani n'kuthera panjira. Ndiye ndati ndilembe papepala, ndijambule, ndikutumizireni kuti muwerenge lero lomwe. Muwerenge mpaka pansi, chifukwa ndili ndi pempho ndipo silingadikire.

Zakuti ndi chibayo mukudziwa, koma mmene chinawagwetsera sindinakuuzeni bwino. Anatsokomola masiku angapo akukana kuchipatala, ati ndi fumbi la nsalu za mu shopu yanga. Tsiku limenelo anali pampando wawo wa pakhomo paja, akusokerera mabatani, uku akufotokozera kasitomala wina za mpongozi wa eni nyumba. Ine ndinali pa makina. Ndinangomva nkhani yaduka pakati.

Achimwene, mayi amene msewu wonse umawatcha a Wailesi, inu munawamvapo akusiya nkhani pakati? Ndinaimitsa makina n'kucheuka. Ndinawapeza atagwira mphuthu ya chitseko, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itada bii. Kasitomala yemweyo ndi amene anatithamangitsira kuchipatala pa galimoto yake.

Kumeneko anawapana chala ndi kachipangizo kokhala ngati kopanira zovala pachingwe. Kamaonetsa nambala, ndipo nambalayo imanena kuchuluka kwa mpweya umene ukufika m'magazi. Ya amayi inali pansi kwambiri. Adokotala, mayi wachitsikana wolankhula mofatsa, anandiuza kuti mapapo adzaza, akulephera ntchito, ndipo mpweya wamba umene anayamba kuwapatsa sukukwanira.

Pamenepo m'pamene panabwera namwino wina wamtali, amene amayi anamupatsa dzina loti a Nsungwi asanamve n'komwe chimene wabwerera. Iyeyu ndi wa kafukufuku. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mutu wa amayi, osati kuima chapatali ngati mmene ena amachitira.

Anafotokoza kuti pali njira ziwiri zothandizira munthu wobanika chonchi. Ina ndi chimasiki chomangidwa ndi malamba, chophimba mphuno ndi pakamwa, chimene chimakankha mpweya mwamphamvu kuti mapapo asafote. Ina ndi timachubu tokulirapo ta m'mphuno, tothira mpweya wofunda wambirimbiri. Zonse ziwiri zimagwiritsidwa kale ntchito, koma ati palibe amene akudziwa bwinobwino kuti ndi iti imene imapulumutsa anthu ambiri a msinkhu wa amayi kuti asafike pa makina aakulu. Makina aakuluwo ndi amene amapumira munthu, atamugoneka tulo n'kumulowetsa chubu pakhosi.

Anati amene walola kulowa mu kafukufuku sasankha yekha njira, ngakhale adokotala samusankhira. Kompyuta ndi imene imachita mayere. Anatinso wokana amathandizidwa chimodzimodzi, ndipo wolowa akhoza kutuluka tsiku lililonse popanda womukwiyira.

Ine ndinkafuna kukana. Mumtima ndinkati mayi anga si nsalu yophunzirira kusoka. Koma mukuwadziwa amayi. Ali wefuwefu choncho anayamba kufunsa mafunso, liwu limodzilimodzi, ati safunsa anadya phula. Anafunsa ngati a Nsungwi akanalola mayi awo kulowa. Anafunsa ngati kompyutayo ili ndi abale ake amene imawakondera. A Nsungwi anaseka, n'kuyankha zonse mosabisa.

Pomaliza amayi anati madokotala amene amavomera kuti sakudziwa ndi amene iwo angawakhulupirire. Anati ana awo tonse tinaphunzirira moyo pa iwo, ndiye n'chiyani chachilendo madokotala akaphunzirirapo nawo, bola mawa wina adzapume bwino. Analola okha, ndi mutu wawo. Ndikukuuzani zimenezi kuti musaganize kuti wina anawakakamiza.

Mayere aja anagwera chimasiki.

Achimwene, mukanaona. Chimasikicho chimamangidwa zolimba kuti mpweya usathawire m'mbali, ndipo munthu akalankhula mawu amangomveka ngati ali m'chidebe. Amachivula kanthawi kochepa chabe, pomwa madzi ndi pakudya, atawaika kaye mpweya wina m'mphuno. Pa anthu onse a m'dziko, kompyuta inasankha kutseka pakamwa pa a Wailesi. Azakhali atabwera kudzawaona anaseka mpaka misozi, ati zimene bambo analephera zaka zonse zija, makina akwanitsa tsiku limodzi. Kenaka anatuluka panja n'kukalira zenizeni.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, pa bedi loyandikana panagona mayi wina wogulitsa nsapato, nayenso wa mu kafukufuku yemweyo. Iye mayere anamupatsa timachubu ta m'mphuno, ndiye pakamwa pake panali pamtetete. Anapezeka kuti amadziwa anthu ambiri amene amayi amawadziwa, koma nkhani zake amazipotoza. Amakwatitsa anthu osakwatirana, amapha anthu amoyo. Amayi ankangotuzula maso m'chimasiki muja, chala chili m'mwamba, kufuna kukonza nkhani. Ine ndinkachita kuwagwira dzanja.

Ndinapita kwa a Nsungwi kukapempha kuti awasinthire amayi, apatsidwe za m'mphuno ngati mnzawoyo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati akayamba kusintha potengera kuti uyu amakonda kucheza, uyu sakonda, yankho limene akufunafuna lisokonekera, ndipo onse amene analolera kulowa avutikira pachabe. Koma anati adokotala akaona kuti chimasiki chikuwapweteka amayi kapena sichikuthandiza, asintha nthawi yomweyo osadikira za kafukufuku. Anandikumbutsanso kuti amayi ali ndi ufulu wotuluka.

Nditawafunsa amayi ngati akufuna kutuluka, anapukusa mutu mwamphamvu mpaka chubu cha chimasiki chinagwedezeka. Pa nthawi ya madzi anandiuza kuti iwo sanasiyepo ntchito pakati, ndipo sayamba lero chifukwa cha mabodza a wogulitsa nsapato.

Patapita masiku, mayi wa nsapato uja anafooka mwadzidzidzi. Anamukankha ndi bedi lomwe kupita kuchipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo mpaka lero akadali pa makina aakulu. Ndinayamba kuganiza kuti basi chimasiki ndiye chabwino, koma mawa lake gogo wina wa chimasiki nayenso anatengedwa kupita komweko. Mtsikana wina wa timachubu anachira n'kupita kwawo akuyenda yekha. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti anthuwa sakunama, sakudziwadi. Amayi anakhala akuyang'ana malo a mayi wa nsapato uja tsiku lonse, ndipo ndinaona kuti amusowa ngakhale ankawapsetsa mtima.

Ife tinapeza nzeru yathu. Tinaona kuti wina akamalankhula osalekeza, amayi amaugwira mtima, chimasiki osachikhudza. Ndiye timasinthana. M'mawa ndimakhala ine, kuwauza za makasitomala ndi madiresi awo osatheka. Azakhali amabwera ndi nkhani za kutchalitchi. Alamu anu akaweruka amawawerengera nyuzipepala, ndi zampira zomwe, chikhalirecho amayi sadziwa n'komwe kuti mpira umaseweredwa ndi anthu angati. Iwo amayankha pogogoda chitsulo cha bedi ndi supuni. Akagogoda pang'ono ndiye kuti avomera, akagogoda kwambiri ndiye kuti ukunama.

Ndi nzeru imeneyi nambala ija inayamba kukwera. Adokotala anayamba kumwetulira akafika pa bedi lathu. Ine ndinayamba kudya.

Koma panali chinthu chimodzi chodabwitsa. Makina amene amayang'anira nambala ija amalira ikatsika kwambiri, ndipo a amayi ankalira masana aliwonse, nthawi yofanana. Odwazika anzanga mu wodi anafika pomaseka kuti belu la nkhomaliro lalira. Ine nthawi imeneyo ndimakhala nditapita kukatsuka mbale ndi kukatunga madzi otentha, ndiye ndinkangopeza anamwino atazungulira bedi, amayi ali thukuta kamukamu.

Anasintha malamba. Anasintha chubu. Anaitana wokonza makina, iye n'kupeza kuti alibe vuto. Anaganiza kuti mwina ndi chakudya chimene chikuwatsamwa. Amayi akafunsidwa ankangoyang'ana kudenga ngati mwana wakuba shuga. Potsiriza a Nsungwi anandiuza kuti ndipite kotsuka mbale monga mwa masiku onse, koma ndibwerere msanga, tiime kuseri kwa katani tione.

Achimwene, chimene tinaona ndi foni yanu.

Inu mumaimba pa nthawi yanu yopuma ku galaja. Ine ndimayankha, ndimakupatsani moni, kenaka ndimaika foni pa pilo pafupi ndi khutu lawo n'kuchoka, poganiza kuti ndikusiyireni mpata ndi mayi anu. Tsiku limenelo ndinamva zonse. Munati, amayi muli bwanji. Amayi anagogoda ndi supuni. Inu munati eya. Kenaka ziii. Ndinkamva kupuma kwanu ndi phokoso la masipanala chapatali.

Amayi anapirira pang'ono, maso ali pa foni. Kenaka ndinaona dzanja likukwera, zala zikulowa pansi pa lamba, chimasiki n'kukankhidwira pachipumi. Anayamba kukuuzani kuti ali bwino, musadandaule, mudye mokwanira, msana muziwuthowa ndi madzi ofunda, ana asamayende opanda nsapato. Mawu atatu, kupuma, mawu awiri, kupuma. Inu muli eya, eya. Nambala ikutsika ife tikuona, mpaka makina analira.

Sindikukudzudzulani ayi, ndipo musamve ngati ndikukuimbani mlandu. Simukanadziwa, chifukwa pa foni simuona. Pakamwa panu munatengera bambo, amene ankatha tsiku lathunthu ndi mawu okwana m'dzanja limodzi. Ndikudziwa kuti kuimba kwanu tsiku ndi tsiku, osaphonya, ndi mmene inu mumanenera kuti mumawakonda. Ine ndikudziwa, iwonso akudziwa.

Koma taganizani. Kuyambira muli mwana, amayi ndi amene amalankhula m'malo mwanu. Aphunzitsi akakufunsani chifukwa chimene mwachedwera, ankayankha ndi amayi. Tsiku limene munabwera ndi alamu kudzawaonetsa, inu munangoti awa ndi awa, zotsala zonse ananena ndi amayi, mpaka alamu anadziwa ndi matenda amene munadwala muli khanda. Chete wa wina aliyense amatha kumupirira, koma chete wanu sangathe. Akangomumva amathamanga kukamutseka, ngakhale ndi mpweya umene alibe.

A Nsungwi ananena kuti mwina foni iyambe yazimitsidwa masana. Ndinayesa dzana, paja munaimba osandipeza n'kunditumizira uthenga wofunsa ngati kuli bwino. Sizinathandize. Nthawi yanu itakwana amayi anayamba kuyang'ana pa pilo, kenaka kwa ine, kenaka pa pilo. Supuni inalira ngati ya mwana wanjala. Ndinawauza kuti mwatanganidwa, koma anavula chimasiki kuti andifunse ngati galimoto yakugwerani ku ntchito, ndipo ndikuwabisira. Kupuma kunathamanga kuposa masiku onse, ndipo sanakhazikike mpaka dzuwa linapendeka.

Dzulo ndinayatsa foni, ndipo ndinakhala pompo nditawagwira dzanja. Munaimba, munafunsa, munakhala chete. Amayi, odwala choncho, anandiposa mphamvu, achimwene. Anandikankha ndi chigongono n'kuvula. Ulendo uno nambala inachedwa kwambiri kubwerera, ndipo adokotala anabwera akuthamanga.

Atatha kuwakhazika, adokotala ananditengera pakhonde. Anati mapapo a amayi akuyesetsa, mankhwala akugwira, koma nthawi iliyonse imene chimasiki chachoka mwadzidzidzi choncho, timatumba ta m'mapapo timene tinatseguka timafotanso, ndiye ntchito imayambiranso pansi. Anati thupi lawo latopa. Zikachitikanso kangapo, sipakhala kuchitira mwina koma kuwagoneka ndi kuwaika pa makina aakulu. Ndinafunsa ngati anthu a msinkhu wawo amadzuka akagonekedwa choncho. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ena amadzuka, ena ayi. Ndinawathokoza chifukwa chosandinamiza, kenaka ndinakalira kuchimbudzi.

Madzulo ake, pa nthawi ya madzi, ndinawakalipira amayi. Ndinawauza kuti akudzipha okha chifukwa cha munthu wamkulu wandevu zake, amene sangafe ndi kukhala chete. Anandisiya ndimalize. Kenaka anandikoka khutu kuti ndiyandikire, pakuti mawu awo tsopano ndi aang'ono.

Anati iwo chubu cha pakhosi sakuchiopa. Chimene akuopa n'chakuti mwana wawo wachisamba ali kutali, samuona, ndipo chimene chatsala pakati pa iye ndi iwo ndi mawu basi. Anati mawuwo nthawi zonse amachokera kwa iwo. Ndiye iwo akakhala chete, inunso n'kukhala chete, mudziwana bwanji kuti mulipo?

Ndinangowapukuta pakamwa n'kuwabwezera chimasiki.

Tsono pempho langa ndi ili, achimwene. Sindikukuuzani kuti musiye ntchito mubwere, ndikudziwa mtunda wake ndiponso abwana anu aja. Mukatha kubwera tidzathokoza, koma mawa masana simungakhale mutafika. Sindikukuuzaninso kuti musiye kuimba, taona kale kuti zimenezo n'zoopsa kuposa.

Ndikukupemphani kuti mulankhule.

Mukaimba, musawafunse kuti ali bwanji. Musawafunse funso lililonse, chifukwa funso limafuna yankho, ndipo amayi sanasiyepo funso likuyenda lokha. Za mmene alili muzindifunsa ine pa uthenga, ndikuyankhani zonse. Kwa iwo muzingonena, osasiya mpata woti alowepo.

Mudzati mulibe nkhani. Muli nazo. Auzeni galimoto imene mwakonza m'mawa, inali ya mtundu wanji, mwini wake ndi wotani, ananama kuti yayamba liti kuvuta. Auzeni zimene alamu aphika ndi zimene ana akana kudya. Auzeni za galu wa aneba anu, za denga lodontha, za mnzanu amene amagona pansi pa galimoto abwana akachoka. Ngakhale kumasula injini, fotokozani bawuti ndi bawuti. Amayi sasamala kuti nkhani ndi yokoma, ngati akumvetsera zampira za alamu anu ndiye angakane zanu?

Ngati mukuopa kuti mawu akutherani panjira, khalani pansi ndi alamu lero mukaweruka, akuthandizeni kukumbukira zoti mudzanene. Mukasowa chonena, itanani ana aimbe nyimbo ya kusukulu m'mawa, muijambule, mudzawaseweretsere. Koma liwu lanu lisasowe, chifukwa ndi limene amalidikira. Mukafuna kutsanzika, nenani kuti muimbanso mawa, n'kudula msanga asanayambe kukulangizani.

Ndikudziwa kuti chimene ndikupemphachi kwa inu n'cholemera kuposa injini. Mwina mudzachita manyazi anzanu aku galaja akakumvani mukulankhula nokha ngati mlaliki. Sekani nawo, koma musaleke. Ine ndayesa zonse zimene manja anga angathe, a Nsungwi ndi adokotala ayesa mbali yawo, ndipo kompyuta inachita mayere ake n'kutha. Ichi chokha palibe wina angachichite, ngakhale ine wolongolola ngati mayi anga.

A Nsungwi ndawauza za nzeru imeneyi. Ati mawa adzaima nafe pa nthawi yanu, ndipo adokotala avomera kuti tiyese tisanaganize zina. Amayi sindinawauze kanthu, chifukwa akadziwa adzayamba kukukonzerani zoti munene.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti diresi lawo lija ndidzalimaliza zinthu zikakhala bwino. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali akupereka moni, ati mukumbukire kuti chibale ndi fupa, sichiola. Alamu anu ndi ana kuno nawonso akuti moni. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo atsegule pakamwa panu.

Mawa foni ikalira ndidzaiika pa pilo, ndipo sindidzapita kotsuka mbale. Ndidzakhala pompo, koma dzanja la amayi sindidzaligwira, ndaona kale kuti sindingalithe. Amene angaligwire kuti lisakwere ku chimasiki ndi inu, muli komweko.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa amayi